Kuyesa zilembo zopanga za DNA pa laputopu: mmene ndimachitira ine kuno ku Luchenza

Loweruka lapitali ndili pa msika wa Luchenza ndikusankha nanazi, mng'ono wanga mwana wa amayi aang'ono, uja akuphunzira ku MUST ku Ndata, anandikoka malaya nkuti, "Achimwene, zija munkakamba pa Khrisimasi zija, za DNA ya zilembo 8, munthu angaziyese bwanji alibe labu?" Ndinamuuza kuti si nkhani yofotokoza chiimire pakati pa akabaza, ndilemba zonse bwinobwino kuti anzake nawonso awerenge. Nde ndi izi. Labu simukufunika kukhala nayo ayi, chofunika ndi laputopu, bandulo yokwanira ndi mtima wosapupuluma, chifukwa DNA yake timaimanga mkati mwa kompyuta, nkuimiza m'madzi a mchere omwenso ndi manambala okhaokha, kenako nkuisiya izigwedezeka ife tikuonerera ngati filimu. Ntchito imeneyi dzina lake ndi molecular dynamics, ambiri amangoti MD.

Tigwirizane kaye pa chinthu chomwe tikuyesacho. DNA ili ngati makwerero opotoka, ndipo popondapo paliponse pali zilembo ziwiri zogwirana, A ndi T kapena G ndi C. Ndikamati peyala ndikunena ziwiri zimenezi, ngati mmene timanenera peyala ya nsapato. A ndi T zimagwirana ndi ma hydrogen bond (kukokana kofooka kodzera pa atomu ya hydrogen) awiri, G ndi C atatu, kuchoka pa peyala ina kufika pa inzake pali ma angstrom 3.4, ndipo angstrom imodzi ndiye mutenge milimita muigawe magawo 10 miliyoni. Zamoyo zonse, kuyambira tiyi wa ku Chitakale mpaka inu mukuwerenganu, zinalembedwa ndi zilembo zinayi zomwezi.

Mu 1962 Alexander Rich ananena kuti peyala yachitatu ndi yotheka, ya isoG ndi isoC, ndipo mu 1989 gulu la Steven Benner linaonetsa kuti polymerase, puloteni ija imakopera DNA, imatha kuilowetsadi. Musaone ngati ndi masewera a anthu okhuta, isoC ndi isoG zinakalowa mpaka mu zipangizo zina zoyezera viral load ya HIV ndi hepatitis, ndipo mawu oti viral load kwathu kuno palibe banja losawadziwa. Mu 1997 Eric Kool anapanga chilembo chooneka ngati T koma chosatha kugwira bwino hydrogen bond, polymerase nkuchilandirabe moyang'anizana ndi A, anthu nkudabwa. Apa mpomwe njira zinapatukana. A Benner anapitiriza ndi zilembo zogwirana ndi ma hydrogen bond mpaka mu 2019 anatulutsa hachimoji, mawu a ku Japan otanthauza zilembo 8, poonjezera P yogwirana ndi Z, ndi B yogwirana ndi S. Ena anatsata zilembo zodana ndi madzi ngati mafuta, zomwe zimakhala limodzi chifukwa chokwanirana maonekedwe ndi kusanjikizana basi. Ichiro Hirao ku Japan anapanga Ds ndi Px, ndipo Floyd Romesberg ku Scripps ku California mu 2014 anaonetsa bakiteriya wa E. coli akuchulukana ali ndi peyala ya NaM ndi 5SICS m'thupi mwake, kenako mu 2017 bakiteriyayo anapanga puloteni yokhala ndi amino acid yachilendo pogwiritsa ntchito NaM ndi TPT3.

Tsopano mvetsetsani ichi musanakhudze kiyibodi. Kompyuta siidziwa chemistry. Imaona atomu iliyonse ngati kampira kokhala ndi kulemera kwake ndi chaji yake, bond iliyonse ngati sipuling'i, nde imawerengera kuti kampira aka tinzake tikukakoka kapena kukakankha mwamphamvu bwanji, nkukasuntha pang'ono motsatira malamulo a Newton, nkuyambanso kuwerengera. Sitepe imodzi ndi ma femtosecond 2, ndiye kuti nanosecond imodzi ikwane pafunika masitepe 500,000, ndipo ma nanosecond 100 ndi masitepe 50 miliyoni. Manambala onse ouza kompyuta kuti sipuling'i iyi ndi yolimba chonchi, atomu iyi chaji yake ndi yakuti, ali mu buku la malamulo lotchedwa force field. Za A, T, G ndi C anthu akhala akuzikonza kuyambira pomwe Michael Levitt anayesa DNA pa kompyuta mu 1983, nchifukwa chake lero tili ndi bsc1, OL15 ndi OL21 zomwe mumangotsegula nkugwiritsa ntchito. Koma Z, P, NaM ndi zinzake mulibemo m'bukumo. Manambala ake muika ndinu, ndipo kompyuta ikhulupirira chilichonse mwaiuza, ikupatsani filimu yokongola ngakhale manambalawo ali olakwika.

Zida sizivuta. Ngati laputopu yanu ili ndi Ubuntu muli pabwino, ngati ndi ya Windows ikani WSL kuti Ubuntu izigwira mkati mwa Windows momwemo. Kenako ikani Miniforge, mukatero lembani:

conda create -n dna -c conda-forge ambertools openmm

Izi zonse ndi zaulere koma mafayilo ake ndi olemera, nde dikirani bandulo ya usiku ndipo batire ikhale yodzadza kuopa magetsi kuthima dawunilodi ili pakati. Onjezerani ChimeraX kapena PyMOL yoonera DNA, Avogadro yojambulira mamolekyu ang'onoang'ono, ndi akaunti ya Google ya Colab, komwe Google imakubwerekani kompyuta yake pa intaneti. Chinanso, laputopu ikamawerengera izi imatentha kwambiri, musaiike pa bulangete kapena pa matilesi, ine ndimaikweza pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi. Nthawi ya chiperoni mu June ndi July imagwira ntchito mosadandaula, koma mu October masana ndi bwino kuipumitsa.

Ntchito yoyamba si chilembo chachilendo ayi. Yambani ndi DNA wamba, ndipo apa ndikukupemphani musadumphe. Pitani pa rcsb.org mukatenge fayilo ya 1BNA. Iyi ndi DNA ya mapeyala 12, CGCGAATTCGCG, yomwe Richard Dickerson ndi Horace Drew ndi anzawo anaijambula ndi X-ray nkuitulutsa mu 1981, ndipo anthu aiyesa kambirimbiri moti khalidwe lake limadziwika ngati mwana wa pamudzi. Mukailakwitsa iyi mudziwa kuti vuto ndi njira yanu. Koma mukayamba ndi chilembo chachilendo DNA nkupindika, mudziwa bwanji ngati chapinda ndi chilembocho kapena ndinu? Yeretsani fayiloyo ndi pdb4amber, kuchotsa madzi akale aja, kenako tsegulani tleap, pulogalamu ya mu ambertools yokonza mafayilo oyambira, mulembe:

source leaprc.DNA.OL15
source leaprc.water.tip3p
dna = loadpdb dna.pdb
charge dna
solvateoct dna TIP3PBOX 10.0
addions dna Na+ 0
saveamberparm dna dna.prmtop dna.inpcrd

Pa mzere wa charge paja muone -22. Mbali ziwiri za makwerero aja ndi zingwe za shuga ndi phosphate, ndipo chingwe chilichonse chili ndi ma phosphate 11, iliyonse chaji -1, zingwe ziwiri 22, nde ma sodium 22 ndi amene akulowa kuti zonse zifike pa ziro. Mukafuna kuyandikira mchere wa m'thupi onjezerani Na+ ndi Cl- wofanana mpaka pafupifupi 0.15 M. DNA yokhayo ili ndi maatomu 758, koma madzi akalowa mupezeka mwadutsa 10,000, ndiye nthawi yambiri ya kompyuta imathera pa madzi.

Kuyendetsa kwake kuli ngati kuphika phala, simuthira ufa wonse madzi asanafunde. Choyamba minimization, kuchotsa malo omwe maatomu athinana mopitirira. Kenako tenthetsani pang'onopang'ono mpaka 300 K uku DNA mwaigwira kuti isasunthe, madzi ndi mchere zipeze kaye malo ake. Kenako imasuleni pang'onopang'ono pa pressure ya 1 bar mpaka bokosi lisiye kufufuma ndi kuphwa. Mukatero mpomwe filimu yeniyeni ikuyamba. Mu OpenMM sankhani PME pa za chaji, constraints ikhale HBonds kuti sitepe ya ma femtosecond 2 ija itheke, integrator ikhale LangevinMiddleIntegrator, ndipo muikemo MonteCarloBarostat. Pa laputopu yopanda GPU, kachipangizo ka zithunzi kowerengera mwachangu, izi zimayenda ngati nkhono, nde gawo lalitalilo likwezeni pa Colab, musinthe runtime ikhale ya GPU. Ya ulere ija imaduka yokha, siidutsa maola 12 ndipo nthawi zambiri imaduka isanafike apo, kuonjezera netiweki yathu ino yomwe imathawa mvula ikangoyamba ku phiri. Chifukwa chake lumikizani Google Drive poyambirira pomwe, muike CheckpointReporter izisunga pafupipafupi, kuti ikaduka muzipitiriza pomwe munalekezera. Ndipo musamatsitse fayilo yonse ndi madzi omwe, chotsani madzi konko ku Colab ndi cpptraj kapena MDTraj, mutsitse DNA yokha, bandulo yanu ikhalitsa.

DNA wamba ija ikayenda ma nanosecond 50 kapena 100 osaphwasuka, mapeyala apakati ali chigwirire, sungani zotsatirazo bwino mu foda yakeyake. Chilichonse mupeze kutsogoloku muzichiyerekeza ndi zimenezi.

Tsopano chilembo chachilendo. Ine ndimalangiza kuyamba ndi P ndi Z, chifukwa kukula kwake nkofanana ndi G ndi C, zimagwirana ndi ma hydrogen bond atatu, ndipo mukalemba hachimoji pa rcsb.org mupeza zithunzi za X-ray zoti muyerekezere ndi zanu. Mu 1BNA zilembo zimawerengedwa 1 mpaka 12 pa chingwe choyamba, 13 mpaka 24 pa chachiwiri, ndipo manambala a peyala iliyonse akaphatikizidwa amakwana 25. Nde chotsani G4 muikepo P, chotsani C21 muikepo Z. Osaika kumapeto. Mapeyala akumapeto amatseguka nkutsekeka okha ngakhale mu DNA wamba, ngati nsonga ya chingwe cha khonje yomwe imamasuka nthawi zonse, ndiye mukaika pamenepo mudzanamizira chilembo chanu mlandu wosakhala wake.

Musanavutike kupanga manambala nokha, fufuzani kaye ngati ena anapanga kale. Ambiri amene anayesapo zilembozi amaika mafayilo awo mu supporting information ya pepala lawo, ndipo imeneyo kawirikawiri imatsitsika ulere ngakhale pepalalo lili logulitsa. Mukawapeza, werengani kuti anawapangira force field iti, osasakaniza za CHARMM, lomwe ndi banja lina la force field, ndi za AMBER, banja la OL15 yathuyi. Komabe ine ndimaona kuti munthu ayenera kupangako yekha kamodzi, chifukwa ukatero sudzakhulupiriranso graph ya munthu wina usanafunse kuti machaji ake anawatenga kuti.

Kapangidwe kake nkotere. Tengani chilembo chokha popanda shuga ndi phosphate, pamalo pomwe shuga amalumikizana muikepo methyl, CH3, ngati chotsekera. Mutha kuchijambula mu Avogadro kapena kuchidula kuchokera mu fayilo ya X-ray. Apa khalani pansi muwerenge ma hydrogen mmodzimmodzi, chifukwa mafayilo ambiri a X-ray alibe ma hydrogen ndipo pulogalamu ikamawaika yokha imatha kuika pa nitrogen yolakwika. Z ili ndi gulu la nitro, NO2, lomwe zilembo zachilengedwe zilibe, ndipo imalumikizana ndi shuga kudzera pa carbon pomwe A, T, G ndi C zonse zimadzera pa nitrogen. Zinthu ziwiri zimenezi zisungeni m'mutu.

Kenako machaji. Machaji a DNA mu AMBER anapangidwa ndi njira ya RESP pa HF/6-31G*, nde chilembo chanu chikuyenera kudzera njira yomweyo kuti chiyankhule chilankhulo chimodzi ndi anansi ake. Izi zimafuna pulogalamu ya quantum chemistry. Gaussian ndi yogula, koma Psi4 ndi yaulere ndipo ORCA ophunzira amaitenga ulere, komanso poti molekyu yake siidutsa maatomu 30 laputopu imakwanitsa. Ngati mukungophunzira kaye pali njira yachidule ya AM1-BCC:

antechamber -i z.mol2 -fi mol2 -o z_bcc.mol2 -fo mol2 -c bcc -nc 0 -at gaff2
parmchk2 -i z_bcc.mol2 -f mol2 -o z.frcmod -s gaff2

Yachiduleyi ndi yabwino pozolowera manja, koma zotsatira zoti mukaonetse kwa aphunzitsi kapena kuika mu project ine ndingakonde zikhale za RESP. Fayilo ya z.frcmod ija itsegule muiwerenge ndi maso anu mzere ndi mzere. Pomwe parmchk2 yasowa nambala yoyenera imabwereka kwa chinthu chofananako nkulemba pambali kuti yabwereka kuti, ndipo pomwe yasoweratu imalemba ATTN, need revision nkuika maziro. Mukasiya maziro amenewo ndiye kuti mwauza kompyuta kuti pamenepo palibe sipuling'i, nde mbali imeneyo izingopindika mwakufuna kwake.

Tsopano kusoka. Methyl ija ichotseni, chilembo chanu muchilumikize ku shuga ndi phosphate wamba, ndipo maatomu a shuga ndi phosphate asunge mayina, mitundu ndi machaji ake a mu OL15 osasintha, kupatula machaji a C1', carbon ya shuga yomwe chilembo chimalumikizanapo, ndi hydrogen yake H1'. Nucleotide yonse, chilembo ndi shuga ndi phosphate pamodzi, chaji yake ikwane -1 ndendende, osati -0.97 kapena -1.02. Zotsalira zomwe zabwera chifukwa chochotsa methyl zigaweni pa C1' ndi H1'. Uzani tleap kuti mutu wa nucleotide ndi P, mchira ndi O3', kuti idziwe polumikiza ndi anansi. Pamsoko pamenepo pakumana mitundu iwiri ya maatomu, ya GAFF, force field ya mamolekyu ang'onoang'ono yomwe chilembo chanu chatengako, yolembedwa ndi zilembo zazing'ono ndi ya DNA yolembedwa ndi zazikulu, ndiye tleap idandaula kuti siikupeza bond, angle kapena dihedral yakutiyakuti. Iliyonse yomwe yatchula muilembe pamanja mu frcmod potengera yofanana nayo. Ndi ntchito yotopetsa ngati kupeta mpunga wa miyala, koma palibe njira yolambalala.

Ine ulendo wanga woyamba ndinachotsa methyl koma chaji yake sindinaibweze. tleap inandichenjeza ndithu kuti chaji ya zonse is not integral, koma poti fayilo inatuluka ndipo ndinali ndi changu chothamangira bandulo ya usiku, ndinapitiriza. Ndinayendetsa usiku utatu. Filimu inatuluka yosalala, DNA ikugwedezeka mochititsa kaso, peyala yanga ili m'malo mwake, mpaka ndinayamba kulemba zotsatira. Tsiku lachinayi ndikuwerenganso leap.log mpomwe ndinaona chenjezo lija, ndipo zonse ndinataya chifukwa panalibe njira yodziwira kuti zomwe ndinaonazo zinali za Z kapena za chaji yolakwikayo. Zinandiwawa kwambiri. Kuyambira pamenepo sindikweza chilichonse pa Colab ndisanaone -22.0000 ndi maso anga.

Patsala chinthu chimodzi chomwe ambiri amachidumpha, dihedral yotchedwa chi. Iyi ndi hinjesi yomwe chilembo chimazungulirapo pa shuga, ngati chitseko pa felemu. Mu OL15 ndi bsc1 anthu anathera nthawi yaitali kukonza hinjesi imeneyi, koma anaikonzera zilembo zolumikiza pa nitrogen. Z ija tinati imalumikiza pa carbon, NaM nayonso chimodzimodzi, nde kungokopera manambala a C kapena T nkuika pamenepo ndi kumanga chitseko cha chitsulo pa mahinjesi a kabati. Choyenera nkutenga chilembo ndi shuga wake, kuzungulitsa hinjesiyo madigiri 15 kapena 20 nthawi iliyonse mpaka mutazungulira konse, kuwerengera energy ndi quantum chemistry, kuwerengeranso ndi force field yanu, nkujambula mizere iwiriyo pa graph imodzi. Ngati zigwa ndi zitunda zake sizikugwera pamodzi, sinthani manambala a dihedral mpaka zigwirizane. Izi zitha kukudyerani sabata yathunthu pa laputopu, koma ngati funso lanu ndi lakuti chilembo chimakhala chogona kapena chimatembenuka, yankho lonse lili pa hinjesi imeneyi.

Mukamaliza P ndi Z yemwe, lowetsani mu DNA. Mu PyMOL gonekani P pamwamba pa G4 ndi pair_fit, Z pamwamba pa C21, fufutani zakalezo, ndipo mayina a maatomu mu fayilo ya pdb afanane chilembo ndi chilembo ndi omwe ali mu library yanu, fayilo yomwe mwasungamo nucleotide munasoka ija. Mu tleap onjezerani leaprc.gaff2, library ndi frcmod zanu, lembani check ndi charge, kenako bwerezani njira yonse ija munachitira DNA wamba osasintha kanthu, madzi omwewo, mchere womwewo, kutalika komweko. Ndipo yendetsani katatu, ulendo uliwonse ndi random seed yosiyana, nambala yomwe imasintha mmene maatomu ayambire kugwedezeka. Ulendo umodzi uli ngati mboni imodzi pa bwalo la amfumu.

Zikatha, yambani ndi kuonerera. Lembani autoimage mu cpptraj kuti zingwe ziwirizo zisaoneke ngati zathawana pomwe zangodutsa malire a bokosi, ambiri amachita mantha apa pachabe. Kenako tsegulani mu ChimeraX kapena VMD muyang'ane peyala yanu ndi anansi ake apamwamba ndi apansi. Mukakhuta kuona, yezani. Mtunda wa pakati pa C1' ya 4 ndi C1' ya 21 mu DNA wamba umakhala pafupifupi ma angstrom 10.5. Ma hydrogen bond abwino amakhala cha m'ma 2.8 mpaka 3.0, ndipo muwerenge kuti pa mafelemu onse ndi angati omwe atatu onsewo analipo. RMSD, muyeso wa mmene DNA yasunthira kuchoka pa maonekedwe oyambira, iyezeni mutasiya mapeyala akumapeto. Lamulo la nastruct limakupatsani twist, rise, buckle ndi propeller, miyeso ya kapotokedwe ndi kakhalidwe ka mapeyala, kungoti silizindikira mayina achilendo mpaka mutaliuza ndi resmap kuti P aitenge ngati G, Z ngati C. Graph iliyonse ikhale ndi mizere ya DNA wamba ndi ya chilembo chachilendo pamodzi. Ngati kusiyana kwa ziwirizi kuli kochepa kuposa kusiyana kwa maulendo anu atatu aja, musanene kuti mwapeza kusiyana.

P ndi Z zikakuyenderani, pitani kwa NaM ndi 5SICS kapena TPT3, kumene ine mtima wanga uli. Ikani pakati penipeni, mmalo mwa A6 ndi T19. Peyala imeneyi ilibe ma hydrogen bond oigwirizitsa, nde imachita zodabwitsa. Ganizirani mpando wa minibasi ya ku Limbe mutakhala anthu anayi, awiri apakati mapewa sakukwana, ndiye wina amasendeza phewa kutsogolo wina kumbuyo, mapewa nkusanjikizana. NaM ndi 5SICS zikakhala mu DNA yoyandama yokha m'madzi zimachita chomwecho, china chimalowa pamwamba pa chinzake mmalo moyang'anizana m'mbali, ndipo izi anaziona ndi NMR, njira ya ku labu yoonera maonekedwe a molekyu ili m'madzi. Anthu anadabwa kuti nanga polymerase imakopera bwanji chinthu chopindika chonchi. Yankho linabwera mu 2012 pa zithunzi za X-ray za polymerase yotchedwa KlenTaq: pa nthawi yomwe ikulowetsa chilembo chatsopano, polymerase imazipanikiza ziwirizo nkuzikhazika mogona, m'mbali ndi m'mbali, ngati peyala wamba. Kondakitala akafika amati khalani bwino, onse nkuwongoka.

Nde poyesa peyala imeneyi mangani ma DNA awiri oyambira, ina zilembo zitagona moyang'anizana, ina zitasanjikizana kale. Yendetsani zonse. Ngati zonse ziwiri zikathera pa maonekedwe amodzi, muli ndi chonena. Ngati iliyonse yangokhala pomwe munaisiya, ndiye kuti nthawi yanu yachepa, ma nanosecond 100 sanakwane kuti ziwoloke chitunda, ndipo chilungamo nkulemba zomwezo basi. Yang'anirani mtunda wa C1' uja, zikasanjikizana umafupika. Yang'aniraninso A5 ndi T20 pamwamba, T7 ndi A18 pansi, chifukwa mlendo akathinitsa mpando ovutika ndi oyandikana naye. Onaninso kumene oxygen ya methoxy ya NaM ndi sulfur ya TPT3 zaloza, zimayenera kuyang'ana ku minor groove, ngalande yopapatiza ija, poti nkumene polymerase imagwira ikamapitiriza chingwe. Mukafuna ka project kokoma, ikani peyala imodzi, kenako ziwiri zotalikirana, kenako ziwiri zogundizana, muone pomwe makwerero ayambire kutaya maonekedwe.

Pali zina zomwe MD ya mtundu uwu singakuuzeni ngakhale mutayendetsa chaka chonse, ndipo muzidziwe kuti musalonjeze zosatheka. Masipuling'i aja saduka, ndiye palibe bond yomwe ingathyoke kapena kupangika, hydrogen ikhala pomwe munaiika mpaka mapeto. Koma zolakwika zambiri za zilembozi m'moyo weniweni zimachokera pa hydrogen kusamuka. Z pH ikakwera imataya proton nkuyamba kuoneka ngati C, nkugwirana ndi G. isoG imasintha maonekedwe hydrogen ikasamukira pa oxygen, nkugwirana ndi T. Kuti muone zimenezi mukuyenera kupanga mtundu wachiwiriwo panokha, ndi machaji akeake, nkuuyendetsa padera moyang'anizana ndi G kapena T, apo ayi mupite ku QM/MM komwe kachigawo kakang'ono kamawerengedwa ndi quantum, njira ija inapezetsa Martin Karplus, Michael Levitt ndi Arieh Warshel mphoto ya Nobel mu 2013. Komanso sulfur ndi atomu yaikulu yomwe ma electron ake amasendera mosavuta kutengera anansi, pomwe force field yathuyi inaipatsa chaji imodzi yosasintha, ndiye zokhudza kusanjikizana kwa 5SICS ndi TPT3 muzizinena mosamala ndipo muziziyerekeza ndi zomwe a labu anaona.

Lembani chilichonse mu kope, tsiku, force field, mtundu wa madzi, seed, fayilo ya frcmod yomwe munagwiritsa ntchito, chifukwa pakatha mwezi simudzakumbuka kuti foda ya test2 ndi test2b zinasiyana pati. Mafayilo a prmtop ndi frcmod asungeni pawiri, pa Drive ndi pa fulashi.

Mng'ono wanga uja ndamupatsa ntchito imodzi yokha sabata ino, 1BNA yopanda chosintha, ma nanosecond 50, anditumizire pa WhatsApp chithunzi cha mzere woonetsa -22 ndi graph ya mtunda wa C1' pakati pa G4 ndi C21. Loweruka likubwerali akatsika pa Luchenza ndi laputopu yake tikakhala pakhonde tijambule Z mu Avogadro, tiwerengere limodzi ma hydrogen.